Amalume Anga ndi Ndevu Zanu Ali m'Chitokosi Chimodzi

Kwa Wolemekezeka Wapampando wa Komiti Yobwezeretsa Bata ndi Chimwemwe,
San Eustaquio del Río.

Bwana wanga wolemekezeka,

Pepani ndi mafuta ali papepalali. Ndinabwera ku ofesi kwanu, koma mlonda anandiuza kuti muli pamsonkhano wa bata ndipo simufuna phokoso. Choncho kalatayi ndaisindikiza pa mapepala amene amayi anga amakulungira baleada, mkate wopyapyala woikamo nyemba umene amagulitsa, podziwa kuti apolisi anu akalanda chakudyacho, monga amachitira m'mawa uliwonse, pepala limodzi likufikani ndithu.

Ndine Yolany Maradiaga wa ku El Zapote, mwana wa Doña Orbelina wa pa siteji ya mabasi. Ndili ndi digiri ya zojambulajambula, imene pakali pano ikugwira ntchito yobisa mng'alu wa pakhoma. Anthu a mumsewu wathu amanditcha a Digiri, makamaka akafuna kundituma anyezi. Ndili ndi changu, Bwana, dziko lino ndikufuna kulisintha ndisanayambe kudwala mawondo, ndiye ndingokuthokozani mofulumira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ukhondo. Mavoti atawerengedwa, n'kuwerengedwanso mpaka atatuluka bwino, ife osadziwa masamu tinapita mumsewu ndi mapoto ndi zikho kukaimba. Anyamata anu anatilandira ndi utsi wokhetsa misozi komanso zinthu zina zolira kuposa mapoto. Kutacha, msewu wonse wa kumsika unali nsapato zokhazokha. Inu munalankhula pa wailesi kuti palibe amene wavulala, anthu angoiwala nsapato zawo chifukwa cha chisangalalo. Galimoto ya Komiti inabwera n'kuzitola zonse, msewu n'kuwala ngati kukubwera bishopu. Imodzi yokha inakupulumukani: ya kumanzere, yofiira, ya Edgardo, mwana wa Doña Tránsito, mayi woyandikana nafe nyumba. Mayiyo anaitola yekha. Mwini wake sanabwerebe kudzaifunsa. Kuchipatala sakumudziwa, kupolisi sakumudziwa, ndipo ku ofesi kwanu mlonda uja anati mayiyo abwerenso bata likakhazikika.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ndevu zanu zapamlomo. Kuyunivesite aphunzitsi ankatiuza kuti wojambula katuni amavutika kufufuza chinthu chimodzi pankhope ya munthu choti achikuze. Inu munandichotsera vuto limeneli. Ndinangozitalikitsa pang'ono, n'kuziika mpini, zinasanduka tsache, inu mwawerama mukusesa nsapato kuzilowetsa pansi pa kapeti. Chithunzicho ndinapita nacho ku nyuzipepala. Mkonzi anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatseka chitseko n'kundiuza kuti malo a katuni tsopano akuikamo malangizo a kaphikidwe ka nthochi. Amayi ndi amene anati, "Bweretsa kuno, mwina digiri yakoyo ingagwire nyemba." Kuyambira tsiku limenelo aliyense wogula baleada amadyera pankhope panu. Malonda akwera. Madalaivala ena amapempha pepala lachiwiri loti akamate m'basi, ena amati ndevuzo zimapukuta bwino pakamwa.

Chachitatu ndi chimene ndalembera kalatayi, ndipo n'chachitali. Mukudziwa kuti Disembala akamatha msewu uliwonse umapanga Chaka Chakale chake, chidole chachikulu ngati munthu chimene timachikhazika pakhonde mpaka tsiku lochiwotcha, kuti chipite ndi zoipa zonse za chakacho. Chaka chino ku El Zapote sitinachite kuvota, mwina n'chifukwa chake palibe anamenyedwa. Aliyense anangoti chikhale ndi nkhope yanu, ya pa katuni ya a Digiri ija. Mutu ndinaumba ine. Ndevu tinadula tsache latsopano la kutchalitchi. Jekete anapereka ndi amalume anga a Nectalí, lija anakwatira nalo, ati ukwatiwo unapsa kale, jekete lingotsatira. M'mimba tinaikamo utuchi ndi zina zimene ndizitchula pa chachisanu. Pomaliza Doña Tránsito anabwera ndi nsapato yofiira ija n'kuisokerera kudzanja la chidolecho. Anati tidzaichotse tisanayatse moto, koma pakadali pano achigwiritse, popeza mwini nkhope wakana kuigwira.

Lachiwiri lapitali dzuwa likulowa, nthawi ya lamulo lanu loti aliyense akhale ali m'nyumba itangokwana, amalume anali pakhonde akusuta fodya pafupi ndi chidolecho. Iwo amati khonde ndi nyumba. Galimoto ya apolisi inaima. Sajeni Cárcamo anatsika, anayang'ana pakhonde, anawongola malaya, anagunditsa zidendene n'kumenya saluti. Anyamata ake atatu anachitanso chimodzimodzi. Sajeni anapereka lipoti lonse, kuti dera lili bata, kuti agalu okha ndi amene akuphwanya lamulo, ndipo anafunsa ngati Bwana ali ndi malangizo ena. Chidole sichinayankhe. Izi sizinamudabwitse, Bwana, akuti inunso mumatero. Anaima choncho dzanja lili pachipumi kufikira amalume analephera kupirira.

"Tsitsa dzanja, Cárcamo, ungaume," anatero amalume. "Abwana akowo m'mutu muli manyuzipepala akale."

"Mukunyoza boma, achikulire."

"Boma lake liti? Ili lavala jekete langa."

Anawatenga onse awiri. Chidole anachikweza kutsogolo, pampando wofewa, n'kuchimanga lamba. Amalume anawaponya kumbuyo pamodzi ndi tayala.

Pamenepa ndiyenera kuthokoza mwapadera. Aphunzitsi anga sanandipatsepo mamalikisi okwanira pa kujambula nkhope. Tsopano apolisi anayi a boma, ali m'yunifolomu, achitira saluti ntchito ya manja anga. Ndikupempha kuti zimenezi zilembedwe papepala la Komiti ndi chidindo, ndiziphatikize pofunsira ntchito.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha chilungamo, chimene chikuyenda mwadongosolo lake. Chidole chili ndi milandu iwiri: kupezeka panja nthawi yoletsedwa ndi kudzionetsa ngati inu. Amalume alibe mlandu. Iwo ndi mboni chabe. Koma mboni singatuluke woimbidwa mlandu asanapereke mawu ake, ndipo woimbidwa mlandu akukana kulankhula. Sajeni wachifunsa mwaulemu, wachifunsa mokalipa, wachipatsa khofi. Kuchimenya akuopa, chifukwa mbama ingagwere pankhope yanu. Kuchimasula akuopanso, chifukwa tichiwotcha, ndipo adzafunsidwa kuti anali kuti pamene Wapampando amapsa. Ndiye m'chitokosimo matiresi amodzi amene alimo apatsa chidole, ati nkhope ya Bwana singagone pansi. Amalume akugona pa simenti, akuyang'ana jekete lawo likupuma bwino.

Amayi amapititsa chakudya cha anthu awiri, chifukwa wapakauntala anati akaidi ndi awiri. Mbale ya chidole imabwerako yoyera kuposa ya amalume. Mankhwala a shuga a amalume ndiwo sakulowa. Wapakauntala akuti mankhwala amaloledwa kwa akaidi okha, ndipo a Nectalí si mkaidi, ndi mboni. Ndinamufunsa ngati ndingawalembe m'dzina la chidole. Anaganiza kwa kanthawi, kenako anati chidolecho sichinadandaulepo za shuga. Dzulo nditawaona pa kawindo, amalume anaseka monga mwa masiku onse, anati mnzawoyo sachita mkonono, koma anandifunsa kawiri kuti ndine mwana wa ndani. Amalume amenewa ndi amene ankandinyamula paphewa popita kusukulu ya mkaka, Bwana. Sanayambe andiiwalapo.

Chachisanu n'chachifupi koma chimveni. M'mimba mwa chidolecho muli makombola. Si ochepa. Msewu wonse unasonkha, ndipo Don Rigoberto wa pagolosale anawonjezera akuluakulu aja amene chaka chatha anagwetsa denga la khola la nkhuku. Ndinakauza apolisi. Wapakauntala anati nkhani za m'mimba mwa mkaidi ndi za dokotala, ndipo dokotala ali pa tchuthi. Pamene ankandiuza zimenezi, mnzake anali m'chitokosi akujambulitsa chithunzi atakolowekera chidole dzanja m'khosi, ndudu ili pakamwa. Amalume, amene asuta fodya moyo wawo wonse, asiya okha sabata ino. Madokotala analephera kwa zaka zambiri. Komiti yanu yakwanitsa, ndipo banja lathu likuthokoza.

Anzanga amene tinamaliza nawo sukulu akundiuza kuti ndisiye kulemba makalata aulemu, ndijambule katuni ina yoopsa. Ndayesa, Bwana. Ndinakhala pansi ndi pensulo kuti ndijambule apolisi akuchitira saluti tsache, mboni ili m'ndende kudikira utuchi kuti ulankhule. Ndinaona kuti ndikungokopera. Mukundilanda ntchito ndisanaipeze n'komwe. Wojambula katuni amafunika kukokomeza zinthu, koma Komiti yanu ikufika kumeneko ine ndisanasongole pensulo.

Tsono ndikugwada ndi mapempho ang'onoang'ono, oyenera munthu wamng'ono ngati ine. Tulutsani amalume anga lero, asanaiwale dzina lawo lomwe. Ngati lamulo likufunadi kuti nkhope imeneyo iyambe yalankhula, muli nayo inunso. Pitani kupolisi mukalankhule m'malo mwake, Sajeni sadzaona kusiyana.

Chidolecho sitikuchifunanso. Ndakambirana ndi a mumsewu wathu ndipo tagwirizana kuti tikupatseni ngati mphatso ya chaka chatsopano. Chikhazikeni pampando wanu ku ofesi. Chidzayendetsa misonkhano ya bata mosavuta, sichidzalankhula pa wailesi, ndipo anthu obwera kudzafunsa za ana awo adzalandira yankho lomwe lija amalandira kwa inu. Mungopewa kusuta pafupi nacho. Ife tidzawotcha china. Tsache lina lilipo, ndipo nkhope yanu ndimaijambula tsopano ngakhale nditatsinzina.

Koma musanachinyamule, tumani munthu ndi kampeni akadule ulusi wa kudzanja lake lamanja. Doña Tránsito amabwera pakhonde pathu m'mawa uliwonse, amayang'ana mpando wopanda kanthu uja, n'kubwerera kwawo. Mwana wake munati simukumudziwa. Nsapato yokha mukuidziwa kumene ili, ili m'manja mwa boma, ndipo apolisi anayi anaichitira saluti. Ibwezeni kwa mayi wake. Mukapeza ya kumanja mu galimoto ija, mubweretsenso, pamodzi ndi amene anaivala.

Ndine wanu wogonjera pa zonse, wodikira yankho ndi pensulo yosongola kale,

Yolany Maradiaga,
wojambula wovomerezedwa ndi saluti ya Sajeni Cárcamo,
El Zapote, kuseri kwa chitofu cha baleada.