Mpando wa Yotamu pa Sitima ya ku Chizumulu

Lolemba

Yotamu Mbewe. Ndayamba ndi dzina lake kuti wodzatola kope ili asavutike kufunsa kuti wolakwa ndani.

Ndiye anakwera njinga ya aphunzitsi aakulu, tili ana pasukulu ya mishoni. Ine aphunzitsiwo anangondituma kukaitsuka kudambo. Yotamu akuti, "Kamodzi kokha, mnzanga, ndikaima pachulu paja." Pachulu sanaime, chifukwa mabuleki sankawadziwa. Anatsetsereka nayo mpaka m'dibi la ng'ombe. Iye kutuluka, kuthawa kukasamba. Ine kuivuula. Aphunzitsi anapeza ine, nditagwira njinga yopindika, ndikununkha mankhwala a nkhupakupa. Yotamu atafunsidwa anati tsiku lonse anali kudimba kwa amalume ake.

Zimene ndinapeza pamenepo:
zikoti zisanu ndi chimodzi;
sukulu kuthera pa Sitandade 3;
dzina loti Kanjinga.

Dzinali landikakamira ngati chisoso pa buluku. Abusa amandiitana choncho. Mkazi wanga amandiitana choncho akakwiya, ndiponso akakondwa. Chonsecho njingayo sindinaikwere ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero sindikwera njinga, kuno ku Chipata kumene ngakhale mbuzi imapita kumsika pakaliyala.

Yotamu anapitiriza sukulu, anakhala mphunzitsi, kenako anasowa. Loweruka lapitali pamaliro ndakumana ndi mlongo wake. Akuti ali moyo, anakwatira pachilumba cha Chizumulu, pakati pa nyanja ku Malawi uko. Wandipatsa ndi nambala ya foni. Munthu wosalakwa sakabisala pakati pa madzi.

Pamaliro omwewo anawerenga mbiri ya malemu, sukulu zake zonse kuzitchula imodziimodzi. Ine nkhawa. Yanga adzawerenga chiyani? "Malemu anasiya sukulu ataponya njinga m'dibi." Anthu adzaseka pamaliro anga, ine ndili gone, osatha kuyankha.

Ndiye ndaganiza. Yotamu abwere kuno ku Chiparamba, aime pakhomo la tchalitchi tikamatuluka, anene yekha ndi pakamwa pake. Kuti asanamizire mayendedwe, malo a pasitima ya pamadzi ndimusungitsira ndine.

Ndawauza amake Esinati, mkazi wanga. Akuti, "Mankhwala a bipi mwamwa?"

Lachiwiri

Za maulendo sindifuna kuphunzitsidwa ndi munthu. Minibasi ndakwera kuyambira zisanakhale ndi wailesi. Sitima ndi minibasi yaikulu yonyowa kunsi, basi.

Zofunika:
1. Mpando wakutsogolo, pafupi ndi dalaivala, kuti azimuyang'anira.
2. Asakhale wapakhomo. Wapakhomo amatsika msanga.
3. Nambala ya kondakitala.
4. Tikiti yobwera yokha. Yobwerera adzadziwa yekha.

Ndili pasiteshoni ya mabasi m'tauni. Ndavala jekete la ku Sondo. Oitanira akundikoka uku ndi uku. Lusaka, madala? Lundazi? Katete? Ndati Chizumulu. Onse andisiya jekete.

Mmodzi wa chisoti chofiira akuti, "Ili mbali ya ku Petauke?"

Ndamufotokozera kuti ndi chilumba, ndipo ndikufuna tikiti ya sitima ya pamadzi. Akuti, "Madala, kuno madzi amene tili nawo ndi a m'botolo." Wina akuti ndingokwera basi yake tikaonere kutsogolo. Ndi mmene anthu amasowera.

Mayi wogulitsa nthochi ndiye wanzeru pasiteshoni yonse. Akuti ndipite ku Mwami, paboda, ndikafunse a mathiraki. Iwo Malawi amamudziwa ngati m'thumba mwawo.

Ndagula nthochi ziwiri pothokoza. Imodzi yosapsa.

Lachitatu

Mwami. Ndapita ndi Esinati, mwana wanga wachisamba, amene amaoda zitenje ku Malawi n'kumagulitsa m'tauni. Iye paboda amapadziwa, ndipo aliyense akumupatsa moni. Ine akundipatsa moni kudzera mwa iye. "Awa ndi atate aja a njinga?" Mpaka kuboda!

Tapeza dalaivala wa thiraki amene amapita ku Nkhata Bay, kumene sitimayo imaima. Wakhala pamthunzi wa thiraki yake, akudya tchipisi m'kapepala. Zimene wanena ndalemba:

Sitima imafika ku Chizumulu kamodzi pamlungu. Ukaiphonya, bwerera kunyumba ukalime.
Siifika pagombe. Imaima patali, anthu amaitsatira pa timaboti.
Kuti ukwere kabotiko umayamba walowa m'madzi, nthawi zina mpaka m'chiuno, katundu pamutu, wina akukuponda ndi thumba la usipa.

Apa mtima wanga wakondwa. Yotamu m'madzi mpaka m'chiuno, kachiwiri. Mulungu sagona.

Ndafunsa za mpando wakutsogolo. Dalaivala akuti iye sanakwerepo, amangoiona ikamatsitsa katundu. Ndiye ndachita monga timachitira anthu odziwa kuyenda. Malo amasungidwa ndi chinthu. Uikapo chipewa, aliyense amadziwa kuti pali mwini. Ndavula chipewa changa chaubweya, ndamupatsa, ndamulangiza bwinobwino kuti akafika akachiike pampando wa pafupi ndi woyendetsa, chikhale pomwepo mpaka ku Chizumulu.

Wachitembenuza, wachiyang'ana mkati. Akuti, "Chipewa chabwino ichi, agogo."

Watipatsa nambala ya ku ofesi ya sitima. Tikuchoka, ndacheuka. Wachivala. Mwina akuchisunga kuti chisagwe.

Tabwerera m'tauni. Esinati akuti, "Atate, dazi lanu likuwala."

Lachinayi

Tayimba ku ofesi ya sitima. Foni ya Esinati, waitsegula mawu kuti tonse timve. Amake akusenda mtedza pakhonde, akunamizira kuti sakumvetsera.

Wayankha mayi waulemu kwambiri. Akuti malo alipo amitundu itatu: pansi pamene pamakhala anthu ambiri ndi katundu wawo, pamwamba popita mphepo, ndi m'chipinda chogona. Osungitsa ndi a m'chipinda. Enawo munthu amangogula tikiti tsiku lomwelo.

Ndati ndikufuna wakutsogolo, pafupi ndi dalaivala.

Akuti kumeneko sikukhala wapaulendo.

Ndati nanga chipewa changa chikakhala pati?

Akuti, "Chipewa chiti, bambo?"

Ndasiya za chipewa. Ndafotokoza kuti munthuyo ndi wothawathawa, ndipo ndikufuna wina azimuyang'anira kuti asatsike panjira. Akuti, "Bambo, pakati pa nyanja atsikira pati?" Mayiyu Yotamu sakumudziwa.

Ndafunsa kuti imadzaza nthawi yanji. Akuti siidikira kudzaza, nthawi ikakwana imanyamuka, bola nyanja ilole. Galimoto yonyamuka isanadzaze ine sindiikhulupirira. Ndafunsa nambala ya kondakitala kuti ndizimuuza adikire pang'ono ngati Yotamu akuchedwa. Akuti sitima siidikira munthu. Ndati ngakhale atakhala kuti wangopita kuseri? Amake Esinati mtedza wawatsamwa.

Ndasankha chipinda. Osati pomukonda. Chipinda chili ndi chitseko. Ndafunsa ngati chimakhomeka chakunja. Akuti chamkati.

Potsiriza akuti, "Nanga eni ake akudziwa kuti akuyenda?"

Funso lachibwana. Koma sakudziwa.

Akuti tiyambe tawauza, kenako tiyimbenso.

Lachisanu



Tayimba nambala ija anandipatsa mlongo wake. Wayankha mzimayi, mwana wa Yotamu. Ndati ndikufuna Yotamu Mbewe, amene anali mphunzitsi. Akuti, "Oo, mukufuna a Kanjinga? Dikirani, ali kugombe."

Ndati a ndani?

"A Kanjinga. Kuno dzina la Mbewe ndi la pamakalata chabe."

Ndakhala pansi. Mpando panalibe, ndakhala pamtondo.

Podikira kuti akamuitane, mzimayiyo akucheza ndi Esinati ngati anakulira limodzi. Akuti bambo ake nkhani ya njinga amaikamba paliponse, paukwati, pamaliro, pokonza maukonde. Chilumba chonse chimaidziwa. Mmene anaba njinga ya aphunzitsi aakulu ali mwana. Mmene anatsika nayo phiri. (Chinali chulu.) Mmene anadumpha ng'ombe zitatu. (Kunalibe ng'ombe. Dibi linali Lachiwiri, ili linali Lachinayi.) Mmene anamira m'dibi n'kutuluka nayo njinga paphewa. Akuti asodzi amamupatsa nsomba kuti aikambenso. Kagolosale ka mwana wakeyo analemba pakhoma: Kwa Kanjinga.

Ine zaka zonsezi kufuna kuti avomere. Iye akuvomera tsiku lililonse, ndipo akudyerapo nsomba.

Kenako mawu a nkhalamba, akupuma mwamphamvu. "Ndani?"

Ndati, "Amene unamusiya ndi njinga padibi."

Akuti, "Panali munthu?"

Pamenepa ndimafuna kuponya foni, koma ndi ya Esinati.

Ndamukumbutsa. Dambo, sopo wa aphunzitsi, amalume ake a kudimba. Kumbali kwake kukumveka mafunde ndi nkhuku. Kenako wanditchula dzina langa laubatizo, lonse, mmene ankaliitanira aphunzitsi m'mawa. Padutsa zaka zambiri ndisanalimve pakamwa pa munthu. Esinati wayang'ana amake ngati akufunsa kuti ameneyo ndani.

Yotamu akuti, "Iwe, anakuchotsa sukulu? Ine ndinkayesa unapita kumigodi."

Mayunitsi atha.

Loweruka

Yotamu wayimba yekha m'mawa. Ndamuuza zonse: chipinda, tsiku, tchalitchi, pakhomo. Waseka mpaka kutsokomola.

Akuti sitima anakwera kamodzi m'moyo wake, popita kukakwatira. Kunali mwera, mphepo ija imautsa mafunde. Akuti anasanza kuchokera ku Nkhata Bay mpaka kufika, anasanza ndi zimene anadya ali ku Zambia. Atatsika anagwira mchenga n'kulumbira kuti sadzakweranso. Ndi chifukwa chake sanabwere pamaliro a mayi ake. Sikuti ankabisala. Anangokanika kubwerera.

"Bwera iweyo," akutero. "Udzakhale pambali panga ndikamakamba. Udzakhala mboni."

Mboni!

Ndati anene tsopano, amake Esinati akumva. Wanena mosavuta ngati akupereka moni. "Mlamu, njinga ija ndinakwera ndine. Amuna anuwo anangogwira sopo."

Amake Esinati akuti, "Ndinkadziwa, alamu."

Foni itatha ndawafunsa kuti ankadziwa bwanji. Akuti, "Munthu amene mumapatuka njinga ikadali kutsidya kwa msewu, mukanaikwera inu?" Ndati nanga bwanji osanena zaka zonsezi? Akuti, "Munandifunsa?"

Masana ndaganiza zopita ndekha. Ngati sabwera, ndikamutsutse pamaso pa asodzi akewo. Koma munthu wanzeru amayamba wayesa. Ndapita kudamu la kumunsi kwa mudzi, kumene Zulu woweza matemba amamanga bwato lake. Ndamupempha ndikhalemo pang'ono, lili chimangire.

Mwendo woyamba, bwino.
Mwendo wachiwiri, dziko lonse layamba kuyenda.
Ndagwira m'mbali. Ndatseka maso. Ndayamba Atate Wathu.

Zulu akuti, "A Kanjinga, madzi ake ndi a m'maondo, ndipo chingwe ndagwira." Ndati andichotse. Wandinyamula ngati thumba la fetereza. Azimayi ochapa aona zonse.

Esinati wayimba ku ofesi kuti chipinda chija apatse ena. Mayi uja akuti Esinati awapatsire moni bambo a chipewa. Chipewacho Esinati akuti wina anachiona ku Mchinji, chikulowera kummwera. Nkhata Bay ndi kumpoto.

Lamulungu

Kutchalitchi. Dazi pamtunda, mphepo ya m'mawa ikulowa mpaka m'maganizo. Pakhomo pamene Yotamu anayenera kuima paima mayi wogulitsa zitumbuwa.

Ulaliki unali wa kukhululuka. Ndikuganiza kuti amake Esinati analankhula ndi abusa.

Sitima ikafika ku Chizumulu mlungu uno, idzanyamuka popanda iye. Ine sindidzaikwera. Iye ndi madzi, ine ndi madzi, tonse tinalephera mayeso amodzi. Tidzafera kumene tili, nyanja pakati.

Potuluka mkulu wa mpingo wandigwira dzanja. "Mwadzuka bwanji, a Kanjinga?" Ndayankha mokweza kuposa masiku onse, mpaka iye wadabwa. Pobwerera ndakhala ndikuganiza. Dzinali ine ndinaligula. Zikoti ndinalandira ndine. Sukulu inathera ine. Ndalisenza kuyambira ndili mwana, kumunda, kuukwati wanga, kuchipatala, paboda. Iye walitola laulere, walipachika pagolosale, akudyera nsomba. Njinga anakwera yekha, chabwino. Koma sangatenge zonse ziwiri.

Ndawauza amake Esinati kuti pambiri ya malemu adzalembe Kanjinga, ndi zilembo zazikulu. Akuti, "Tikanalembanso chiyani?"

Ndiye chimene ndikufuna ndisanafe ndi chimodzi. Yotamu asabwere, akhale ndi asodzi ake. Atenge pepala, poti sukulu anamaliza, alembe ndi dzanja lake kuti njinga anakwera ndiye koma dzina ndi langa, ndipo walibweza. Afufute ndi pagolosale paja. Pepalalo alikweze sitima, pansi pomwe pa usipa, ndalola. Kalata siisanza.