Sabata Imene Ndinatsekera Njonda ya ku Chileka

Lolemba

Ndaweruka kusukulu, ndatsegula laputopu ya pakhomo pano kuti ndilembe mayeso a Sitandade 6. Kungodina kamodzi, patulukira tsamba la pa intaneti lopezerapo akazi. M'nyumba mwanga muno!

Mwiniwake akudzitcha Njonda ya ku Chileka. Akuti:
- zaka 45
- woopa Mulungu, woimba besi m'kwaya
- wa njinga yamoto
- wofuna mayi wa mtima wabwino

Pachithunzi palibe nkhope, pali njinga yamoto yofiira pansi pa mtengo wa mango. Njinga yathu. Mango athu. Ngakhale ndowa yanga yobooka ikuoneka kumbuyoko!

Bambo a Tadala ali ndi zaka 45 ndipo amaimba besi. Takhala m'banja zaka 19. Ndawaphikira, ndakhala pansi n'kumawayang'ana. Akudya bwinobwino, mpaka kupempha ndiwo zina. Anthu ena manyazi alibe.

Sindikangana ndi munthu. Mawa nditseka tsambali, banja langa lipulumuke mwakachetechete.

Lachiwiri

A Mariamu, mnzanga wa Sitandade 4, makompyuta amawadziwa. Pa buleki andionetsa: kuika kapulogalamu, kulemba dzina la tsamba, kutseka ndi pasiwedi. Ndawanamiza kuti ndikutsekera mwana. Iwo: "Tadala si ali kusukulu yogonera komweko?" Ndayamba kukamba za mvula.

Ndisanatseke ndati ndiwerenge kaye mauthenga. Mayo ine! Pali mayi wina, akudzitcha Duwa la ku Lirangwe. "Njonda yanga, mwadya?" Njonda ikuyankha kuti ikaganiza za iye chakudya sichitsika. Bodza! Dzulo ndinaiona ndi maso angawa ikuwonjezera ndiwo.

Apangana kukumana koyamba Loweruka, pa siteji ya minibasi ku Lirangwe. Lirangwe, kwawo kwa bambo a Tadala!

Ndakopera zonse m'kope langa, masamba asanu ndi limodzi. Kenako ndatseka. Akumane tione.

Lachitatu

Mtima sunakhazikike. Nanga akapeza tsamba lina? Kapulogalamu kaja kamalolanso kutseka mawu, ndiye ndathiramo: mkazi, mayi, banja, chikondi, duwa, Lirangwe.

Madzulo bambo a Tadala akufuna kutumiza lipoti la kuntchito. Ndi alangizi a zaumoyo, ndipo lipotilo ndi la amayi ndi kulera. Makina akukana. "Mayi a Tadala, laputopuyi yatani?" Ndati kaya, mwina yatopa ndi zimene imaona. Andiyang'ana nthawi yaitali. Ndiye kuti akudziwa!

Nanenso ndalephera kutsegula phunziro la mawa la amayi a kutchalitchi. Mutu wake ndi chikondi m'banja, ndipo wophunzitsa ndine.

Lachinayi

Phunziro ndaphunzitsa za m'mutu. Amayi akuti ndinalalikira mwaukali.

Pofika kunyumba ndapeza a malume pakhonde, laputopu pamiyendo, nkhope yakugwa. Chimwalirire akazi awo zaka zitatu zapitazo amabwera masana kudzawerenga nkhani za mpira. Akudandaula kuti makina akukana.

Ndati Mulungu ndiye wawatuma, pajatu ndiwo ankhoswe anga. Kunyamula ndekha kwandikanika. Ndawauza zonse, ndawaonetsa kope. Atsokomola. Apempha madzi. Amwa, apemphanso ena. Nkhaniyi yawakhudza kwambiri, ndawamvera chisoni.

"Mwanawe, nkhani ngati izi sizifuna kuthamanga. Ng'amba kopeli, ukhululuke."

Kukhululuka! Amuna amakhalirana kumbuyo. Ndaimbira ndekha ankhoswe a kuchimuna ku Lirangwe. Abwera mawa.

Lachisanu

Takhala pakhonde: a malume, ankhoswe a ku Lirangwe, bambo a Tadala, ine ndi kope langa. Ndawerenga mokweza masamba onse, osadumpha ngakhale "tulo tabwino, Duwa langa."

A malume thukuta kamukamu, chipewa akungochitembenuza m'manja. Ankhoswe a ku Lirangwe afunsa: "Achimwene, mauthengawa analemba ndi inu?" Bambo a Tadala ayang'ana a malume, ayang'ana pansi. "Zala ndi zanga. Kupitirira apo ndilibe mawu."

Avomera! Ndakuwa kuti pano ndi pamudzi pathu, achoke akakhale ndi Duwa lawo. A malume akungoti tiyeni tipemphere, tiyeni tipemphere, koma palibe watsinzina.

Bambo a Tadala atenga chikwama chimodzi, aliza njinga, ulendo wa ku Lirangwe. Sanatsanzike.

Mlandu ndawina. Ndalowa kuchipinda, ndaona nsapato zawo za kumunda pakhomo, ndalira ngati mwana.

Loweruka

Ndakwera minibasi ya ku Lirangwe. Duwalo ndilione ndi maso anga.

Ndabisala kuseri kwa ogulitsa tomato. Pa siteji pali mayi mmodzi wovala chitenje chatsopano, akuyang'ana njinga yamoto iliyonse. Mayi wamkulu ndithu, wa imvi zake. Amuna anga andisiyira ameneyu?

Kenako pafika kabaza. Watsika bambo wa suti yotuwa, tsitsi lakuda bii ngati alipaka polishi. Sutiyo ndikuidziwa, ndi ya amuna anga, ndinaisita ndekha mwezi watha isanabwerekedwe. A malume!!

A malume anga. Ankhoswe anga. Zaka 67!

Ndawagwira dzanja pamaso pa anthu. Aulula pomwepo:
- Njonda ndi iwo
- besi ankaimba kalekale ine ndisanabadwe
- zaka 45 "ndinangolemba kuti zinthu ziyende"
- mabatani sawatha, ndiye ankanena, bambo a Tadala n'kumalemba
- anawalumbiritsa kuti asauze munthu

Ndafunsa chifukwa chake anakhala chete dzulo. "Pamaso pa anthu a ku Lirangwe? Ine nkhoswe? Koma mkamwini uja ndi munthu, sananditchule."

Duwa lamva zonse. Lawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Masiku anayi osandilembera, njinga palibe, zaka mwaba. Mundilembere bwinobwino, ndikaganize." Lanyamuka.

Ndathamangira kwa apongozi. Bambo a Tadala ali pabwalo, akusenga chimanga. Andiona, apitiriza kusenga. Alamu anga andiimitsa pachipata: "Nkhani munaipereka kwa ankhoswe, alamu. Ibwere ndi ankhoswe."

Ndabwerera ndekha. M'minibasi monse nkhope m'chitenje.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndikanakhala bwanji moyang'anizana ndi kwaya yopanda besi?

A malume afika masana, polishi atayamba kutsikira m'khosi. Ndagwada, ndawapempha akanditengere amuna anga. Mwambo ndi womwewo, wina sangapite. Avomera, koma akuti miyendo yawo ndi yokalamba, ku Lirangwe sangapite kawiri. Apita tsiku limene Duwa liyankhe, akathere zonse ulendo umodzi. Dzulo anali ndi zaka 45, lero miyendo yakalamba!

Ndatsegula laputopu. Ndalowetsa pasiwedi, ndafufuta mawu onse aja limodzilimodzi, ndatsegula tsamba. Ndi manja anga omwewa.

Wolemba palibe, ndiye ndakhala ine. A malume atsinzina, akunena: "Lemba kuti, Duwa langa, ndakulakwira." Ndalemba. Ndawonjezera za m'mutu mwanga, kuti pakhomo pazizira, kuti munthu amalakwa chifukwa choopa kutaya amene amamukonda. A malume akuti ndikulemba bwino kuposa mkamwini.

Tatumiza. Iwo apita kwawo, akuti ndikawauze zikasintha.

Sabata yonse ndakhala ndikutemberera mayi ameneyu. Lero ndamupempherera, kuti akhale ndi moyo, ndi mtima wofewa, ndi bandulo ya intaneti. Zaka 19 za banja langa zili m'manja mwake.

Ndikudinabe. Sanayankhe.