Thewera la Ledi

Nkhani iyi ndinaitsekera m'kamwa zaka zambiri, poyamba chifukwa cha mantha, kenako chifukwa cha manyazi. Mantha aja anatha zinthu zitasintha m'dziko muno. Manyazi okha ndi amene akukanabe kuchoka, ndiye bola ndingoinena, mundisekeretu ndikadali moyo.

Zinali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinkagwira ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka, koma banja linali ku Lirangwe, kwawo kwa mkazi wanga Esinati, kumene ndinali mkamwini. Mkati mwa sabata ndinkagona ku Chileka, Lachisanu n'kupalasa njinga kupita kumudzi.

Masiku amenewo munthu unkayenda ndi khadi la chipani m'thumba ndi pakamwa potseka. Mphunzitsi wina wa kufupi ndi kwathu anakulungira usipa m'nyuzipepala yomwe inali ndi chithunzi cha mwini dziko. Galimoto yotseka kumbuyo inabwera kudzamutenga ali m'kalasi, ndipo mkazi wake anakalamba akudikira. Dzina lake palibe ankalitchulanso. Ndanena izi kuti muone kukula kwa uchitsiru wanga.

Mzungu wina wokonza mawailesi pa eyapoti, pobwerera kwawo, anandisiyira kagalu kakakazi ka makutu oima, dzina lake Ledi. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "No puppies this year, she is too young." Anafotokoza kuti galu akatenga bere asanakhwime akhoza kufa pobereka. Ine ndinati "Yes, bwana," n'kumunyamula m'katoni mpaka ku Lirangwe. Ledi ndinkamukonda, sindibisa. Pamudzi wa eni ake, iye yekha ndi amene ankathamanga kudzandilandira.

Mu Okutobala Ledi anafika panyengo yake yoyamba. Agalu amphongo anayamba kusonkhana kuseri kwa nyumba ngati pagwa maliro, koma onse ankapatukira mmodzi: Denja, chigalu chakuda chosathena, cha mutu ngati mtondo. Denja anali wa a Mposa, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Galu wa munthu wamba ukanamugenda. Wa a tcheyamani unkangomupempha mwaulemu kuti asendere.

Kuntchito ndinanama kuti kumudzi kuli matenda, anandipatsa masiku angapo, n'kukayamba ulonda. Ndinamangirira Ledi pamtengo wa mango, koma apo ndinangomuchepetsera Denja ntchito yosaka. Mlamu wanga anati ndimupake parafini kumbuyo kuti fungo lisamveke. Ledi analira tsiku lonse khungu litawauka, pomwe Denja anangoyetsemula kawiri n'kukhala pansi kudikira. Ndinatsekera Ledi m'khitchini ya apongozi anga aakazi. Denja anakumba pansi pa khoma mpaka mbali ina inagumuka, apongozi n'kutumiza mawu kudzera mwa Esinati kuti iwo anakwatitsa mwana wawo kwa munthu, osati kwa woweta agalu. Zolowetsa Ledi m'nyumba yogona Esinati anakaniratu.

Loweruka m'mawa lole inabwera kudzatenga amayi onse kupita nawo ku Blantyre kukayeserera magule a pamsonkhano. Kukana kunalibe. Esinati ndi amayi ake anakwera, ana anapita kosewera, ine n'kutsala ndi Ledi. Ndinafunika kupita pamsika kukamatitsa chubu cha njinga, ndipo apa m'pamene nzeru inandifikira: galuyu ndimusokere thewera.

Ndinayamba ndi chiguduli, koma Ledi anachitafuna ndisanamalize n'komwe kumanga. Ndinatsegula sutikesi ya Esinati kufuna nsalu yolimba, ndipo pansi penipeni ndinapeza nsalu yakale ya chipani, yosuluka, yokhala ndi nkhope ya mwini dziko pakati. Nsalu zimenezi zikatha sizinkatayidwa. Sukanakolopera, sukanapukutira mwana, ngakhale kuponya kudzala. Zinkangogona m'masutikesi mpaka mwini wake atamwalira.

Nkhopeyo ndinaiona bwinobwino, ndisanamizire mdima kapena mowa. Ndinangoti ndikaipindira mkati n'kusoka kawiri, angaione ndani? Ndinatenga singano ya matumba, ndinasoka, ndinaboola potulukira mchira, n'kumuveka Ledi. Kenako ndinaima chapatali kuyamikira ntchito ya manja anga. Mumtima ndinati, anthu a ku eyapoti timaganiza mosiyana ndi a kumudzi.

Pobwera kumsika ndinapeza Ledi ndi Denja kuseri kwa nkhokwe atamatana, wina akuyang'ana ku Mdeka, wina ku Blantyre. Thewera lili zidutswazidutswa pabwalo ponse. Ulemu wonse unandithera. Atangolekana ndinatola mpini n'kumukhoma Denja mwendo wakumbuyo, iye n'kuthawa ndi miyendo itatu akulira mudzi wonse kumva.

Kenako ndinayang'ana pansi, pa zidutswa za nkhope ija. Apa pali khutu, apo pali chibwano, uko tayi. Ndinatola msangamsanga, ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko n'kuyamba kulumikiza pamphasa. Zonse zinakwana kupatula chidutswa chimodzi: diso lakumanja ndi theka la mphuno.

Ndinasesa bwalo lonse, ine mwamuna wandevu. Ndinakwawa pansi pa nkhokwe, ndinalowetsa mutu m'khola la nkhuku. Diso silinapezeke.

Esinati anafika dzuwa litapendeka, mawu atasasa ndi kuimba. Ataona zili pamphasa sanakuwe. Anangokhala pansi pang'onopang'ono.

"Bambo a Joji, mwatipha."

"Ndinapindira mkati."

"Mkati mwa chiyani? Kumbuyo kwa galu?"

"Tsitsani mawu, mayi a Joji."

"Nanga diso lili kuti?"

"Ndikuganiza kuti Denja wapita nalo."

"Kwa a tcheyamani," anatero, ndipo sikunali kufunsa.

Anasonkhanitsa zidutswa zija n'kukaziotcha, akuponya chimodzichimodzi kuti utsi usachuluke. Atabwerera anati, "Ine ndili ndi ana. Akandifunsa ndinena kuti sutikesi munatsegula ine kulibe, ndipo sindikhala ndikunama." Sindinamuimbe mlandu. Nanenso ndikanatero.

M'mawa mwake anabwera kuchokera kuchitsime ndowa ili theka. "Akazi awo a Mposa akuti mupite kunyumba kwawo. Akuti pa nkhani ya galu."

Ndinavala mabuluku awiri ndi juzi, kutentha kwa Okutobala kuli pachimake, chifukwa tinkamva kuti kumene amapita anthu otengedwa kumazizira ndipo zofunda kulibe. Esinati anandithira mtedza wokazinga m'matumba, misozi ikugwera momwemo. Ana ndinawagwira pamutu mmodzimmodzi, iwo akudabwa kuti bambo adwala malungo kapena. Apongozi, amene chikwatire sitinayang'ananepo kumaso, anaima pakhomo n'kundiyang'ana mpaka ndinakhota. Ledi yekha ndiye anali gone pamthunzi, mtima uli m'malo.

A Mposa ndinawapeza pakhonde, atavala chipewa ndi baji ya chipani pachifuwa. Denja anali pambali pawo akunyambita mwendo.

"Khalani pansi, akamwini," anatero. "Mukudziwa chimene ndakuitanirani?"

"Ndikudziwa, bwana tcheyamani."

"Zimene munachita dzulo zandikhumudwitsa kwambiri. Munthu wapantchito ngati inu, woti mumaona azungu tsiku ndi tsiku..."

Sindinadikire. Ndinagwada, thukuta lili chuchuchu m'mabuluku awiri aja, n'kuyamba kukhuthula zonse. Ndinati nsaluyo inali yakale. Ndinati nkhope ndinaipindira mkati mwaulemu. Ndinati mkazi wanga sakudziwapo kanthu, khadi la chaka chino ndili nalo, lake liliponso, ngakhale la mwana wosabadwa ndikhoza kugula lero lomwe. Pomaliza ndinapempha kuti chonde diso lija andibwezere ndikalisamale.

A Mposa anali atayasama.

"Nsalu yanji?"

"Ya chipani, bwana."

"Munaveka galu?"

"Kumbuyo kokha."

Anadzuka, anasuzumira kumsewu, anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kuuza akazi awo kuti apite kudimba pompo. Atabwerera mawu awo anali atachepa.

"Anang'amba ndani?"

"Denja, bwana. Ndi mano."

"Denja wanga uyu?"

"Yemweyu."

"Ndiye diso mukunenalo lili kuti?"

"Ine ndimayesa lili ndi inu."

Tonse awiri tinatembenuka kuyang'ana galu uja. Denja anatiyang'ananso, n'kugeya.

A Mposa anakhala padothi pambali panga. Apa m'pamene ndinamvetsa. Ine ndinaveka galu nkhope, inde, koma amene anaidya anali galu wa tcheyamani. Galimoto ija ikanabwera, kumbuyo kwake tikanakwanamo tonse awiri. Komanso chimene galu wameza sichikhalitsa m'mimba, ndipo Denja sankasankha malo. Ankatha kunyonyomala pamsika, pabwalo la sukulu, ngakhale pakhomo pa tchalitchi.

"Mayo ine!" anatero chapansipansi. Kenako anapukuta kumaso. "Akamwini, thyolani timitengo tiwiri."

Tinayesa kumumangirira kuti ntchito ichepe, koma Denja chibadwire sanalawepo chingwe. Anangolira mokuwa osatulutsa kanthu, anthu n'kuyamba kuima mumsewu. Tinamumasula.

Tsiku limenelo ndi lotsatira lake, anthu a ku Lirangwe anaona tcheyamani wa chipani ndi munthu wa ku eyapoti wovala juzi akutsatira galu wotsimphina kulikonse kumene wapita. Denja akanyonyomala, ife tinkathamangira n'kuyamba kutokosa, mitu itagundana, ntchentche zikutilowa m'maso. Galu ameneyu ankadya zinthu, abale. Tinapeza nthenga za nkhuku, njere za mapapaya, chingwe cha nsapato, ndi batani limene a Mposa analizindikira kuti ndi la jekete yawo.

Mayi wina wosenza nkhuni anaima kutiyang'ana.

"Mwataya chiyani, a tcheyamani?"

"Tikufufuza chiwewe, mayi. Ntchito ya boma. Talikirani."

Mayiyo anathamanga nkhuni zikugwa, ndipo kuyambira pamenepo palibe anatiyandikiranso. Mtedza umene ndinanyamulira kundende uja tinagawana pansi pa mtengo, aliyense akuyang'ana mchira wa galu.

Linatuluka tsiku lachiwiri masana, m'munda wa nandolo wa munthu wina. Ndinatembenuza ndi kamtengo, ndipo diso lija linali pompo, losuluka koma lathunthu, likutiyang'ana.

A Mposa anaima njo n'kuvula chipewa. Ine, posowa chochita, ndinaimanso njo, manja m'mbali, kamtengo kali kudzanja.

Tinakumba dzenje ndi timitengo tomwe tija mpaka zala zinachita matuza, tinakwirira, pamwamba n'kuikapo mwala. Pobwerera a Mposa ankangoyang'ana Denja. Mudzi wonse unali utamva za chiwewe, ndiye nkhaniyo inafunika kumalizidwa. Tsiku lomwelo anamuphera kuseri kwa nyumba yawo. Zinandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa pa atatufe iye yekha ndi amene sanadziwe kuti walakwa chiyani.

Ledi anabereka movutikira, anapulumuka mwamwayi. Ana ake anali akuda, a mitu ikuluikulu, koma pamudzi palibe anayerekeza kunena kuti afanana ndi ndani. Ine ndi a Mposa tikakumana panjira tinkapatsana moni wa anthu osadziwana, ndipo galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu tonse tinkatembenuka.

Patapita miyezi tinapezana kuseri kwa chigayo tili awiriwiri, ndipo ndinalimba mtima.

"Bwana tcheyamani, kodi tsiku lija munandiitanira chiyani kwenikweni?"

Anayang'ana uku ndi uku.

"Mwendo wa galu wanga. Ndimafuna mupepese basi. Mukanabwera ndi kankhuku, nkhani ikanathera pakhonde pompaja."

Kuyambira pamenepo, munthu akayamba kundiimba mlandu ndimamusiya amalize kaye, ndisanamuthandize kupeza wina waukulu.