Tsiku Limene Ndinasamutsa Msewu wa ku Liwonde

Nkhani iyi ndimaikamba nditazyolika, koma ndiikambabe, chifukwa ndikapanda kutero mukaimva ku Songani ataithira kale mchere ndi tsabola. Ine Idrissa, kalaliki wa mu ofesi pa koleji ina kuno ku Domasi, munthu woti chibadwire sindinayendetsepo galimoto, ndinatsala pang'ono kuluza mkazi chifukwa cha gemu ya pa laputopu.

Mkaziyo ndi Asiyatu. Nthawi imeneyo tinali tikadali pa chibwenzi. Mayi ake ankandikonda, bambo ake analibe nane chifukwa, koma mukudziwa kuti kuno mawu omaliza ndi a mwinimbumba. Ameneyo anali amalume ake, Che Bwanali. Ankhoswe anga akapita kukafunsira, ankabwerako ndi liwu limodzi lokha: "Tiona."

Che Bwanali anayendetsa mabasi akuluakulu moyo wawo wonse, mpaka msana unayamba kuwavuta, ana awo n'kuwaletsa. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde la golosale yawo ku Songani, kuonerera magalimoto akudutsa, n'kumadzudzula aliyense wosintha giya mokukuta. Za ine anamuuza Asiyatu kuti, "Mnyamata wakoyo ntchito yake n'kudinadina mabatani. Angasunge banja ameneyo?"

Zinandiwawa, sindinama. Ndiye ndinati chabwino, mabatani omwewo ndi amene andiombole.

Pali gemu ina yoyendetsa basi imene ndimaikonda. Ikamabwera imakhala ndi misewu ya ku Ulaya yokhayokha, koma pa intaneti pali anyamata anzeru amene amapanga tinthu towonjezera totchedwa mamodi. Modi ina imakupatsa basi yatsopano, ina hutala, ina msewu wathunthu. Ine ndinapeza modi ya msewu wochokera ku Zomba kukafika ku Liwonde. Naisi analimo, Songani analimo, ngakhale maenje ake analimo!

Mamodiwa amafuna kapitawo, apo ayi amamenyana. Kapitawoyo ndi pulogalamu yotchedwa mod manager, imene imawasanja ina pamwamba pa inzake. Awiri akalimbirana chinthu chimodzi, imene ili pamwamba ndiyo imapambana, ndipo manager amakuchenjeza ndi kachizindikiro kofiira kolembedwa kuti conflict, kutanthauza mkangano.

Ndinasanja zonse bwinobwino, ndinabwereka chiwongolero ndi mapedulo a gemu kwa mphunzitsi wina wa kuntchito, n'kuyesa ulendo wonse. Zinali bho. Ndinamutuma Asiyatu kuti akawauze amalume kuti Lamlungu ndikubwera ndi basi yawo.

Lamlungu m'mawa ndi pamene dyera linandilowa. Ndinaona ngati msewu uli zii, magalimoto achepa. Ndinakopera modi ya magalimoto ambirimbiri, ya mathiraki ndi maambulansi omwe. Ndinaonjezera ya hutala. Ndinaonjezeranso ya mitambo yokongola. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kachizindikiro kofiira kaja kanatulukira. Nthawi yomweyo foni inalira.

"Mwanyamuka?" anali Asiyatu. "Amalume asamba kale, avala ndi mkanjo womwe!"

"Ndili panjira!"

Ndinali ndisanavale ndi nsapato zomwe. Ndinadina OK osawerenga, n'kutseka laputopu, ulendo pa kabaza.

Ku Songani ndinapeza tebulo atalikonza kale pabalaza. Akazi awo a Che Bwanali, Abiti Juma, anali atakhala pamkeka ndi Asiyatu. Pawindo panali mitu ya anthu oyandikana nawo, poti mbiri inali itawanda kuti kwa Che Bwanali kukubwera basi yolowa m'nyumba.

Mkuluyo anayang'ana chiwongolero chapulasitiki chija ngati akuyang'ana nsomba ya dzana.

"Kameneka ndiye basi?"

"Tangokhalani, amalume. Muona nokha."

Anakhala. Sikirini itawala n'kuonetsa depoti ya ku Zomba, phiri lili apo, nkhope yawo inasintha. Anakoka mpando, anawongola msana, anayang'ana kalilole wa kuno ndi wa uko.

"Bismillah," anatero, n'kuponda.

Basi inatuluka m'depoti mwaulemu ngati mkwatibwi. Abiti Juma anaimba kanthungululu. Ine mumtima ndinayamba kale kusankha nsalu ya pa ukwati.

Tisanafike patali, thiraki ya mafuta inatulukira kutsogolo, molunjika ife. Phwaa!

"Waledzera ameneyo!" anakuwa Che Bwanali. "Mwamuona? Wabwera mbali yanga!"

"Zimachitika, amalume. Tiyambirenso."

Tinayambiranso. Ulendo uno inali minibasi. Mkuluyo anaimba hutala, anaphethiritsa magetsi, anatulutsa ndi dzanja lomwe kumbali ngati pali windo. Minibasi sinamve. Phwaa!

"Kodi lero ku Zomba kuli mowa waulere?"

Pawindo anthu anayamba kuseka. Ine thukuta linali kamukamu.

"Amalume, mukamaona ikubwera muzizemba pang'ono."

"Ndizembe ine? Ndili mbali yanga ndizembe? Azembe iyeyo!"

Kachitatu tinagundana ndi ambulansi. Basi inapita m'ngalande, matayala m'mwamba, mitambo yanga yokongola ija ikuoneka bwino kwambiri.

Apa ndi pamene ndinalankhula mawu amene mpaka lero ndikawakumbuka ndimafuna kulowa pansi pa bedi. Ndinawagwira paphewa, ndi mawu achifundo ngati a nesi, n'kunena kuti:

"Musadandaule, amalume. Manja akakhalitsa osagwira ntchito amaiwala."

Asiyatu anandiyang'ana ndi diso loti likanakhala mpeni bwenzi pano kulibe wokamba nkhaniyi.

Che Bwanali sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangochotsa manja pachiwongolero, n'kuwayang'ana kuseri ndi kuno.

"Kapena ana anga aja ankanena zoona," anatero chapansipansi. "Nthawi yanga inatha."

Chisoni chinandigwira, chifukwa ndinabwera kudzawasangalatsa, koma ndinali nditawathyola mtima pamaso pa akazi awo ndi mudzi wonse. Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kuganiza. Koma uchitsiru wanga unali usanathe.

"Tasunthani pang'ono, amalume, ndikuonetseni mmene timachitira."

Ndinakhala pampando. Kunena zoona, ine m'gemu sindiganiza za mbali. Ndimangopeza galimoto imene ili kutsogolo n'kuikakamira kumbuyo, monga ndimachitira pamzere wa ku banki. Ndinapeza thiraki ina, n'kuitsatira. Basi inayenda myaa, osagunda ngakhale nkhuku. Pofika pa Naisi ndinali nditayamba kuyendetsa ndi dzanja limodzi. Ndinaimbako ndi hutala yatsopano ija kuti a pawindo amve.

"Mwaona, amalume? Nkhani ndi kudekha basi."

"Imani."

"Amalume?"

"Ndati imani! Buleki!"

Ndinaponda buleki. Mkulu uja, amene mphindi yapitayo anali ngati wafedwa, anali ataimirira, msana uli chilili ngati sunawawepo.

"Mukuyenda mbali iti?"

"Mbali imene aliyense akuyenda, amalume."

"Kwezani dzanja limene mumadyera."

Ndinakweza.

"Limenelo ndi dzanja lanji?"

"Lamanja."

"Ndiye dziko lino, kuyambira liti galimoto ikuyenda kumanja?"

Ndinayang'ana pa sikirini. Basi yanga inali kumanja kwa msewu. Thiraki ya kutsogolo inali kumanja. Magalimoto onse a m'gemumo, kuyambira ku Zomba mpaka kumene maso amalekeza, ankayenda kumanja ngati tili ku Ulaya. Munthu yekhayo amene anayenda mbali yoyenera tsiku limenelo anali Che Bwanali.

Pawindo wina anagwa nako kuseka, ndinamva chidebe chikugubuduka.

"Asiyatu!" anaitana mkuluyo. "Uyu ndiye ukuti akunyamule moyo wako wonse? Munthu wakwera minibasi chibadwire, koma sadziwa mbali imene imayenda! Amakhala akuyang'ana kuti?"

"Pafoni, amalume," anayankha Asiyatu, osandithandiza n'komwe.

Pamenepo ndi pamene kachizindikiro kofiira kaja kanandibwerera m'mutu. Ndinatseka gemu, n'kutsegula mod manager. Kanali pompo, kofiira ngati tomato wa pamsika. Ulendo uno ndinawerenga. Modi ya magalimoto ambirimbiri ija inabwera ndi lamulo lake la kwawo, loyenda kumanja. Modi ya msewu wathu inali ndi lamulo loyenda kumanzere. Poti yatsopanoyo ndinaiponya pamwamba, ndiyo inapambana.

Ndinafotokoza zonsezi mawu akutuluka mong'ung'udza.

"Ndiye kuti atambala awiri m'khola limodzi," anatero Abiti Juma.

"Eya, mayi. Ndipo ine ndinakweza wachilendo pamwamba."

"Makinawo sanakuuzeni?" anafunsa Asiyatu.

"Anandiuza."

"Inu n'kutani?"

"Ndinadina OK."

"Osawerenga?"

"Munkandiimbira foni inuyo!"

"Ndiye mlandu ndi wanga?"

Ndinaona kuti ndikapitiriza njira imeneyo ndigundananso ndi thiraki ina, ndiye ndinatseka pakamwa. Ndinakoka modi ya msewu wathu n'kuiika pamwamba pa zonse. Ya magalimoto ndinaitsitsa pansi. Ya mitambo ndinaichotseratu, inali itandichititsa manyazi mokwanira. Chofiira chija chinazimiririka.

Che Bwanali anali akadali chiimire, akundiyang'ana.

"Tandiuzani bwinobwino, anthu onsewa amve. Manja angawa ali ndi mlandu?"

"Alibe, amalume. Inu munayenda bwino maulendo onse atatu. Wosokoneza msewu ndine. Ndipo mawu aja ndinalankhula mopusa. Pepani."

"Mokweza. A pawindo sanamve."

"Wosokoneza msewu ndine!"

"Tamva!" anayankha a pawindo.

Mkuluyo anakhalanso pampando. Anapukuta manja pa mkanjo, anayang'ana makalilole, n'kunenanso Bismillah. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndikupemphera chamumtima kuti pasapezeke tambala wachitatu.

Thiraki ya mafuta ija inatulukiranso. Inadutsa mbali yake mwaulemu, ndipo Che Bwanali anaikwezera dzanja ngati mnzawo wakale.

Abale, munthu uja amayendetsa! Maenje ankawazemba asanawaone. Pokhota ankachepetsa liwiro mwakuti ngakhale dzira silikanagubuduka. Atafika pa Songani ya m'gemu anaima, n'kusuzumira pa sikirini.

"Golosale yanga sanaiikemo bwanji?"

"Ndiwauza anyamatawo, amalume."

"Muwauze. Koma inuyo musakhudze kanthu."

Anadutsa Domasi akuimba kanyimbo kapansipansi, kamene Abiti Juma anati sanakamvenso chisiyireni ntchito mkuluyo. Pokwera zitunda za ku Machinga ankalankhula ndi basi ngati ndi munthu, kuilimbikitsa kuti isafooke. A pawindo anasiya kuseka, ena analowa n'kukhala pansi kumbuyo kwawo ngati apasenjala. Mayi wina anapempha kuti amutsitse pa sitolo ya kutsogoloko, nyumba yonse n'kufa nako kuseka.

Titawoloka mlatho wa ku Liwonde, anaimitsa basi bwinobwino, anazimitsa injini, manja ali pachiwongolerobe. Maso awo anali atalengeza misozi, ndipo sanabise. Ndinasangalala kuposa mmene ndinasangalalira tsiku limene ndinalembedwa ntchito.

"Lamlungu likubwerali mubwere nayonso," anatero. "Ndipo ankhoswe anu aja muwauze adzabwere. Nkhani ija yakhalitsa."

Asiyatu anabisa nkhope m'mpango. Abiti Juma anaimba nthungululu yeniyeni tsopano. Ine chimwemwe chinandikwera m'mutu, mpaka ndinatambasula dzanja kuti ndigwire chiwongolero.

"Ndiye pobwerera ku Zomba ndiyendetseko ine, amalume?"

Anandimenya kadzanja kaja kuti phaa!

"Akamwini, tisapusitsane. Mwana ndakupatsani, koma chiwongolero ayi. Inu kaimeni pakhomo muziitanira anthu!"

Mpaka lero Lamlungu lililonse ndimanyamula laputopu yanga, gemu yanga, bandulo yanga, kukagwira ukondakitala ku Songani. Ndinaphunzirapo kuti kuyenda mbali imene aliyense akuyenda si umboni woti msewu ukuudziwa.