A Kabunare ndi nkhondo yawo ya utsi

Munthu wodana ndi galimoto ngati malemu a Kabunare a ku Temwaiku sadzabadwanso, ndikulumbira. Ankati akamva injini ikulira, ngakhale ali pamwamba pa kokonati akugema uchema, nyimbo ankaidulira pakati, n'kutsetsereka ngati mnyamata, n'kutola tsache. Ndiye poti pachilumba pathu pano msewu ndi umodzi basi, nyanja uku nyanja uku, kolambalala kunalibe. Aliyense wogwira chiwongolero ankadutsa pakhomo pawo, afune asafune.

Amene anazimva kuwawa kwambiri ndi Nawere, dalaivala wa minibasi, woyandikana nawo nyumba. Iyetu ankadutsapo kakhumi patsiku.

Zinayamba chonchi. Mkazi wawo, mayi Terenga, atamwalira tinawaika pakhomo pomwepo monga timachitira, manda asimenti, kadenga kamalata pamwamba. Tsiku la maliro, kuchoka pamanda kukafika pamadzi panali mapazi makumi awiri ndi asanu, ndi mizere itatu ya kokonati. Pakutha zaka zisanu ndi chimodzi mizere iwiri inali itagwera m'nyanja, mizu m'mwamba, mapazi atatsala khumi. Mkuluyo ankayeza m'mawa uliwonse asanasukusule. Kenaka tsiku lina wailesi inanena kuti nyanja ikukwera chifukwa dziko likutentha, ndipo likutentha chifukwa cha utsi. Inatchula zinthu zambirimbiri, koma a Kabunare anatolapo chimodzi, galimoto.

M'mawa mwake Nawere anangoona munthu waima pakati pa msewu, tsache m'mwamba.

"Thimitsa!"

"Bambo, ndikuthamangira ku Betio, anthuwa achedwa ku ntchito."

"Thimitsa, mwana iwe! Mayi ako agona apa. Ukufuna uwamize?"

"Nanga ndidutsa bwanji?"

"Kwathu kuchilumba chimene ndinabadwira, podutsa pa maneaba, nyumba ya misonkhano ija, akuluakulu ali m'katimo, munthu amatsika njinga n'kuikankha. Terenga ndi wochepa kuposa msonkhano? Kankhani!"

Bwenaata, mkazi wa Nawere, ndiye anali kondakitala, ndipo pakamwa pake sipankatera ntchentche. Anasuzumira pazenera.

"Madala inu, nyanja yonseyi ikwere chifukwa cha kachiphakasa kathuka? Ngakhale galu kamamukanika kupitirira!"

"Ndiye sikavuta kukankha," anatero a Kabunare.

Anakankhadi, anthuni. Anamwino awiri, azimayi a nsomba, m'busa tayi ili m'khosi, onse manja pa minibasi mpaka kupitirira manda. Mkuluyo ankayenda pambali ngati kapitawo, n'kumawathokoza mmodzimmodzi.

Amene ankadutsa mwaliwiro osamvera, tsoka lake linali lakuti anali wodziwika, pachilumba sabisalapo munthu. A Kabunare ankamulondola wapansi mpaka kwawo, n'kukamutsekera paipi ya utsi ndi makoko a kokonati. Galimoto ya wogulitsa buledi inatsokomola masiku awiri, makaniko atathedwa nzeru. Nkhani inafika kupolisi. Apolisi anabwera pagalimoto, n'kutsegula chitseko mwaulemu.

"Kwerani, achikulire."

"Ine? M'menemo? Ndiombereni pompano."

Anayenda wapansi mpaka kupolisi, dzuwa likuswa mtengo, galimoto ikukwawa pambuyo pawo, iwo akucheuka n'kumaitukwana. Pofika, wapolisi wamkulu anali ataseka mpaka misozi, anangowapatsa madzi akumwa n'kuwauza kuti azipita.

Nawere zinamukwana. Masana ena anatenga nsomba ziwiri, n'kukawapeza a Kabunare akusesa pamanda, akuwauza mayi Terenga nkhani za tsikulo ngati munthu ali moyo.

"Bambo, wailesi ija nanenso ndinaimva," anayamba choncho. "Inati utsi wochuluka ukuchokera ku malasha ndi mafuta amene amawotcha popanga magetsi ndi m'mafakitale. Inatchula kudula nkhalango. Inatchula ngakhale ng'ombe. Galimoto ziliponso, sindikukana, koma zikunenedwazo ndi miyandamiyanda ya kumaiko aakulu, osati kanga aka."

"Fakitale ili kuti pano?"

"Kulibe."

"Nkhalango? Ng'ombe unaionapo iwe ndi maso ako?"

"Pachitini cha nyama pokha."

"Ndiye ndikamenye ndani?" Tsache linagwa. "Ndisambire mpaka kumafakitale awowo? Ndikafike ndinene kuti pepani, mabwana, mkazi wanga akumira? Ukuyesa sindidziwa kuti kako n'kochepa? Ndikudziwa, mwana iwe. Koma amene dzanja langa likumufikira ndi iwe."

Nawere anasiya nsombazo pamwala n'kubwerera kwawo. Kuyambira tsiku limenelo sankadikira kukalipiridwa. Ankayamba kuthamangitsa ali patali, n'kuthimitsa injini, minibasi n'kudutsa yokha mwakachetechete ngati bwato. Bwenaata ankangoti, "Misala ndi yopatsirana, ndaona."

Ndiye kunabwera madzi aakulu a mwezi wa Febuluwale, aja amabwera mwezi ukakhala wathunthu, ulendo uno ali ndi mphepo yakumadzulo. Tinawadziwiratu, wailesi inanena kuti adzafika pachimake cha m'ma faifi madzulo. A Kabunare anali atamanga kampanda ka miyala ndi nthambi kutsogolo kwa manda, chaka chathunthu akutuma msana wawo wokha. Pofika thili koloko mafunde anali atakamwaza ngati zinyalala. Nawere akudutsa anaona mkulu uja wagona chafufumimba pamwamba pa manda, manja atakumbatira simenti, thovu likumunyowetsa kumapazi.

"Bambo, dzukani! Madziwa akutengani!"

"Anditenge. Yekha sapita."

Nawere anathamangira kuseri kwa nyumba yake. Kumeneko kunali minibasi yake yoyamba, imene inafa kalekale ndi dzimbiri, nkhumba zitaisandutsa chogona. Anathamangitsa nkhumba, n'kukuwira anthu amene anawasiya m'minibasi pamsewu.

"Tsikani nonse! Kukankha munazolowera kale!"

Anaikankha, matayala ali phwaa, mpaka kuigoneka chopingasa pakati pa manda ndi nyanja. Azimayi anayamba kuthiramo miyala, Bwenaata patsogolo, chikwama cha ndalama atachiponyera patchire. A Kabunare atadzutsa mutu n'kuona chimene chaima pamaso pa mkazi wawo, anaiwala zakufa.

"Chotsani! Mfiti imene ikumupha ndiye imulondere?"

"Khalani chete, madala, nyamulani mwala!" anakuwa Bwenaata.

Funde lalikulu linabwera, phuu! pa minibasi, n'kusweka. Lachiwiri chimodzimodzi. Chigalimotocho chinalira, chinapendama, koma sichinasunthe. Madzi atayamba kuphwa, manda anali pomwepo, atangonyowa. Mkuluyo anaizungulira minibasi ija kawiri, n'kuimenya pang'ono ndi chikhatho.

"Galimoto yabwino ndi yakufa," anatero.

Kuyambira pamenepo, munthu uja anakana kukwera galimoto ya apolisi ankapezeka masana alionse atakhala m'chigalimoto chakufacho, pampando wa dalaivala, manja pachiwongolero, akukalipira nyanja. Anthu ankawaseka. "A Kabunare, mukupita kuti? Titengeniko!" Iwo ankayankha kuti, "Yadzaza, dikirani ina." Koma kuyeza sanasiye. Nyanja italephera kutsogolo inayamba kudya cham'mbali, ndipo nkhope yawo inkachita mdima chaka ndi chaka.

A Kabunare atadwala, mwana wawo wamkazi ali kutali ku New Zealand, anaitanitsa Nawere. Anamugwira dzanja lomwe lija la chiwongolero.

"Undiike pambali pa Terenga. Ndipo iwe, usadzalole kuti tiyandame. Wamva? Tisadzapezeke m'maukonde a anthu."

"Ndamva, bambo."

Tinawaika pomwepo. Nawere anasunga mawu ake mmene akanathera. Minibasi ikabooka ndi dzimbiri ankaithira miyala ina, ankamanga matumba a mchenga m'mbali, Lamlungu lililonse akatuluka m'tchalitchi. Zaka zitatu anapambana.

Koma chaka chathachi madzi sanabwere kutsogolo, kapena cham'mbali. Anatumphuka pansi. Nawere anaimirira pamenepo, fosholo m'manja, akuona madzi amchere akubwadamuka m'nthaka kuseri kwa mpanda wake wonse, pakati penipeni pa manda awiriwo, simenti n'kuyamba kung'aluka. Umutchinga bwanji mdani wotulukira pansi pa mapazi ako? Bambo wamkulu uja analira ngati mwana, ndipo ife amene tinalipo sitinamutonthoze, poti tonse tili ndi athu ogona pakhomo.

Mwana wawo anavomera pafoni kuti asamutsidwe. Tinafukula mafupa, n'kuwakulunga onse awiri mumkeka watsopano, kuti akaikidwe pamalo a abale a Bwenaata, kumtunda pang'ono, ngati pachilumba pano pali chotchedwa kumtunda. Ndi ulendo wa maola awiri wapansi. Wina anatsegula chitseko cha minibasi ya Nawere kuti tiikemo mkekawo.

"Iwe, ukufuna atidzukire?" anatero Bwenaata, misozi ili mbwembwembwe.

Nawere anasenza mkekawo paphewa, n'kulowa pakati pa msewu. Unali wopepuka zomvetsa chisoni. Galimoto yoyamba imene inamupeza inali ya wogulitsa buledi uja. Anaima, anathimitsa, n'kutsika. Yotsatira chimodzimodzi. Palibe analiza hutala. Nawere atacheuka anaona mzere wa galimoto mpaka pokhota, zonse zili zii, madalaivala akubwera pambuyo pake wapansi. Tsiku limenelo tinamva mafunde mbali zonse ziwiri za msewu.

Masiku ano pa Temwaiku galimoto zimangodutsa, nyimbo zili pamwamba, palibe wotuluka ndi tsache. Denga la minibasi yakale ija limaoneka nyanja ikaphwa. Nawere yekha ndiye akafika pamenepo dzanja limapita lokha pakiyi, ndipo Bwenaata analeka kumunena za misala. Alendo okwera koyamba amafunsa ngati mafuta atha.

Tsiku lija, titatha kukwirira manda atsopano aja, anthu atabalalika, Nawere anatsalira. Anaima pamutu pa manda, n'kuyamba kuyenda cholunjika kumadzi, phazi ndi phazi, milomo ikugwedezeka. Bwenaata anamudikira pamsewu.

"Angati?" anafunsa.

"Makumi awiri ndi asanu," anatero Nawere.