Kompulesa Imene Inapenta Amayi a Mphakati

Anzanga, ine chinthu chimene ndimadana nacho ndi kubwereka, makamaka kubwereka kwa mlamu wanga Dominiko, mlongo wa akazi anga. Iye anafika ku koleji, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6 kwathu ku Nsanje, ndiye ukapita kukabwereka kompulesa yake, makina opopa mphepo aja, umayamba wamvera kaye ulaliki. "Alamu, mukamaliza mukhetse madzi m'thankimo. Alamu, singano ikafika apa basi." Ngati mphepoyo anailenga ndi iye! Chonsecho ine ndinayamba kuwotcherera mageti kuseri kwa nyumba yanga ku Bangwe iye akuvala kabudula wa sukulu.

Ndiye inafika nthawi yoti mapemphero a mphakati wathu achitikire pakhomo pathu, Lamulungu masana. Amayi a Sofiya, akazi anga, anali atadikira mwayi umenewu nthawi yayitali, ndipo sankafuna manyazi.

"Bambo a Sofiya, geti ladzimbirili mulipente. Anthu asadzanene kuti mmisiri amakongoletsa kwa eni, kwake kuli ngati khola. Kabwerekeni makina kwa achimwene."

Ndinati ayi, ulendo uno ndigula yanga. Dominiko atamva anadzipereka kuti andiperekeze. Akuti pa ntchito zanga, kakang'ono kozima kokha kakadzaza mphepo n'kokwanira. Ndinamuuza kuti maso ndili nawo.

M'masitolo a ku Limbe ndinalowamo, koma mitengo yake inali yoboola m'thumba. Ndipo zimene thumba langa likanakwanitsa zinali tizinthu tonga ana a nkhumba, tochepa kuposa ya mlamu. Ine ndikagule chaching'ono kuposa cha Dominiko? Ndinakwera minibasi wa ku Ndirande, kumsika kuja amapanga chilichonse.

Kumeneko ndinapeza mkulu wina wa magalasi akuda owotcherera atakhalira chimakina. Thanki yake inali silinda yakale ya gasi, pampu yochotsa ku lole, mota yokoka ndi lamba, zonse zitakhazikidwa pa matayala a wilibala.

"Madala, za m'sitolo zija ndi zidole. Chinthu ndi ichi."

"Geji yoonetsa kuchuluka kwa mphepo ili pati?"

"Geji ya chiyani madala? Mumva ndi khutu."

"Chimazima chokha?"

"Mesa dzanja muli nalo?"

Yankho limenelo linandisangalatsa, chifukwa ndi mmene ndimayankhulira inenso. Mtengo unali wabwino, kukula kwake kawiri kuposa ya mlamu. Pobwerera kondakitala anachikhazika pampando ngati munthu.

Loweruka magetsi kunalibe tsiku lonse. Anayaka Lamulungu m'mamawa, ndiye ku Misa ndinajomba, Mulungu andikhululukire. Soketi yamphamvu inali ya kuchipinda chogona, choncho waya ndinadutsitsa pawindo. Payipi inali yokhwepa, ndinaimanga ndi mphira. Kachala ka mfuti yopopera penti kanali kolimba kopweteka dzanja, nakonso ndinakamanga ndi mphira kuti izingopopera yokha. Nzeru zimenezo kukoleji saphunzitsa, ndinadziuza choncho. Penti wa buluu, woti waliwali. Ndili pakati pa geti, magetsi thi!

Ndinatukwana pang'ono, ndinakoleka mfuti ija pa nthambi ya mango penti ali momwemo, n'kupita kukasamba. Swichi ya pakhoma? Nanga munthu umazimitsa bwanji chinthu choti chazima kale?

Masana anthu anafika. Amayi atavala mabulauzi oyera mbee anakhala pamphasa pansi pa mango paja, abambo pamipando. Dominiko anabweranso. Chimakina ndinachisiya poyera dala kuti achione. Anachizungulira, n'kugogoda thanki ndi chala.

"Alamu, mphepo ikachuluka imatulukira pati?"

"Tabwera kudzapemphera, alamu," ndinatero.

Mayi Alufandika, wapampando wa mphakati, mayi wamkulu wa mandala, anapempha kuti ine mwini khomo nditsogolere Kolona. Ndinagwada pakati, maso tsinzini. Tili mkati, ana a m'dera lonse anakuwa monga amachitira magetsi akabwera: "Ayakaaa!" Ine mumtima ndinati zikomo, mawa ndimaliza geti.

Kenako kumbuyo kwanga: gu-gu-gu-gu! Ngati chigayo chalowa pakhomo. Amayi, poti ndi anthu opirira, anangokweza mawu kuti apose phokosolo. Inenso ndinakweza, ndikumaganiza kuti ndimalize kaye chigawo ichi, ndiimirire mwaulemu ngati zonse ndinazikonza. Kodi mukudziwa kuti penti akauma kukamwa kwa mfuti amatseka ngati chitsekerero cha botolo? Ine sindinkadziwa. Mphepo inkangodzazana m'thanki muja.

Phwaa! Chotseka chija chinafwamphuka. Mfuti inayamba kuzungulira panthambi paja, uku ndi uku, kuwaza anthu ngati wansembe ndi madzi odalitsidwa, osasankha wolemera kapena wosauka. Amayi anakuwa, "Mayo ine!" Mphasa uko, makolona uko. Kenako mphira unagonja, payipi inavuka n'kuyamba kukwapula pansi ngati njoka yopondedwa mchira. Ndinaidumphira kuti ndiigwire. Inandikwapula m'miyendo, ndikutembenuka inandipatsa ina kumbuyo, ndendende aphunzitsi athu a Sitandade 6.

Ndinathamangira kuchipinda kuti ndikazule waya. Chokhoma! Akazi anga anakhoma chifukwa cha alendo, kiyi anamumanga pansonga ya chitenje, ndipo chitenjecho ndi mwini wake anali atafika kale kumsewu.

Dominiko sanathamange n'komwe. Anangoyenda kupita pa mita ya magetsi, n'kugwetsa swichi yaikulu. Mota inaima, mphepo inatha pang'onopang'ono, kenako zii.

Ndinayang'ana anthu. Mabulauzi onse mathothomathotho ngati mazira a mbalame. Amayi a Sofiya anaima pageti manja ali kumutu, misozi ili lengelenge, ndipo apo mtima wanga unasweka, poti tsiku linali lawo. Mayi Alufandika anavula mandala, m'maso mokha ndi momwe munatsala moyera, anawapukuta, anayang'ana geti, n'kundiyang'ana ine.

"Bambo a Sofiya, ife mwatimaliza bwinobwino. Nanga getili mwalisiyiranji theka?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Akazi anga anayesa kulimba koma nawonso anaphulika. Mayi Alufandika anawagwira dzanja, kuwakhazika pambali pawo, n'kulamula kuti Kolona ipitirire pomwe inalekezera. Tinamaliza tili a buluu, ndipo tiyi anamwedwa yense.

Anthu atapita, Dominiko anapendeketsa thanki ija n'kundionetsa kunsi kwake. Dzimbiri lokhalokha, ndi chigamba chowotcherera chobisika ndi penti. Anati payipi ija ndikanaimanga zolimba, penti n'kukana kutseguka, chikanaphulika ndi chithanki, pakati pa amayi aja. Mpaka lero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mphira wotha uja.

M'sabata momwemo tinapita limodzi ku Limbe. Anandisankhira kamwana ka nkhumba kaja, ka geji, kozima kokha. Mawu oti "ndinanena ine" sanawatulutse, ngakhale panjira ndinkawadikira kuti tikangane. Munthu ameneyu amanditopetsabe, koma ndi munthu. Kanthuko kanamaliza geti, ndipo kakupopabe matayala mpaka pano. Chithanki chija ndinachidula pakati, nkhuku zikumweramo madzi.

Amayi aja sanandilipiritse ngakhale bulauzi imodzi. Mabulauziwo anangowasandutsa zovala zophikira pamaliro, ndiye maliro alionse a m'dera lathu ndimaona ntchito ya manja anga ikutakasa ndiwo. Ndipo tikakhala pa mapemphero ana n'kukuwa kuti "Ayaka!", mphakati wonse umatembenuka kuyang'ana ine.

Ine pano magetsi akangozima ndimazungulira nyumba yonse kuzimitsa chilichonse, ngakhale wailesi ya mabatire. Ndipo wogulitsa akadzandiuzanso kuti geji ndi khutu, ndidzamuuza kuti makutuwo ndinasiya ku Ndirande.