Zikomo Bwana, Apongozi Anga Osaona Munawagwira Akuyendetsa Galimoto

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu wa Apolisi a Pamsewu,
Kulikulu la dziko lanu la anthu aulemu.

Bwana,

Kalatayi ndikulemba nditagwada, ndiye ngati zilembo zikuoneka zopendekera mundikhululukire. Ine si munthu woti mungandidziwe. Ndine mlendo wa kutsidya kwa malire anu, ndipo ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ndaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kwathu kuno dzina langa lenileni analiiwala kalekale, amangonditchula a Giya Wachiwiri, ati sindidziwa kuti galimoto ili ndi magiya enanso kutsogoloku. Akazi anga akachedwa kutchalitchi amakana kuti ndiwaperekeze, amati bola angoyenda wapansi. Ndanena izi kuti mumvetse kukula kwa chimwemwe changa, pakuti ana anu a pamsewu anandipezera luso limene ine mwini sindinkalidziwa. Ndalemba kuti ndithokoze.

Tinalowa m'dziko lanu Lachiwiri lapitalo, ine ndi apongozi anga aamuna. Apongoziwa anali kalipentala, ndipo zitseko za nyumba zambiri za m'dera lathu zinatuluka m'manja mwawo. Zaka zitatu zapitazo ng'ala inawagwira maso onse awiri. Lakumanzere linazimiratu. Lakumanja limangosiyanitsa kuti kwacha kapena kwada, basi. Madokotala a kwathu anati diso limenelo likhoza kupulumuka, koma katswiri wake amapezeka pachipatala china cha kwanuko, ndipo amafikapo kawiri kokha pachaka. Tinadikira miyezi isanu, kenako kalata inabwera: Lachiwiri, 2 koloko masana, osachedwa. Pamalire tinadutsa 8 koloko m'mawa, kutsogolo kutatsala makilomita mazana awiri. Mtunda umenewo, Bwana, ngakhale ine ndimaumaliza m'maola anayi.

Choyamba, ndithokoze chifukwa cha makina anu oyezera liwiro. Tinali pachitunda, galimoto ikulira ngati ikupempha chikhululukiro, pamene basi ya kwanu komweko inatipitirira ngati kamvuluvulu, anthu atalendewera pachitseko. Wapolisi anatulukira kuseri kwa chikwangwani chotsatsa sopo, naikwezera dzanja basiyo moitsanzika. Ataona nambala yachilendo ya galimoto yanga nkhope yake inawala. Mwana wanu ameneyo, wamtali, wa magalasi akuda, anandipatsa moni waulemu umene sindinaulandirepo ngakhale paukwati wanga. Atatero anandionetsa makina. Analemba 127. Galimoto yanga ikangofika 80 chiwongolero chimanjenjemera ngati chagwidwa malungo, kagalasi koonera kumbuyo kamagwa kokha. Kunena zoona ndinamva kunyada.

Pambali panali pataima kale dalaivala wina wachilendo, wa lole yodzaza simenti. Nditamufunsa anati nayenso amupeza ndi 127. Posakhalitsa anaimitsa mayi wina, mlendonso, m'kagalimoto kodzaza ana, matiresi atamangirira padenga. Nayenso 127. Kwathu makina amakondera, aliyense amamupatsa nambala yakeyake. Anu ndi achilungamo, sayang'ana nkhope, sayang'ana ngakhale msewu. Wasimenti uja anandinong'oneza kuti mabatire a makinawo anatha chaka chatha, nambalayo anangoilemba pakapepala n'kumata pagalasi, koma ine kaduka ka madalaivala a malole ndimakadziwa, sindinamumvere.

Chachiwiri, ndithokoze chifukwa cha ufulu wosankha. Mwana wanuyo anandifotokozera modekha kuti chindapusa chili ndi mitengo iwiri. Cha lisiti, ndisiye laisensi ndi pasipoti, ndikaonekere kukhoti Lachisanu m'tauni imene tinali titaidutsa kale. Chopanda lisiti ndi theka lake, pompopompo, tingomvana ngati anthu. Ine tsiku ndi tsiku ndimauza ana a eni ake kuti wapolisi sapatsidwa kangachepe, choncho ndinati ndikufuna lisiti. Anaseka mwachikondi, anati buku la malisiti lapita ndi mnzake kukadya, anaika laisensi yanga m'thumba la malaya nabwerera kuseri kwa chikwangwani. Mnzakeyo ayenera kuti amatafuna bwino chakudya, chifukwa linatha ola ndi theka asanabwere. Nthawi yonseyo apongozi anali m'galimoto, chipewa pamaondo, nkhope atalozetsa kumene kunali dzuwa. Sanadandaule. Anangofunsa kamodzi kokha kuti, "A mkamwini, nthawi ili bwanji?" Ndinatuluka, ndinapita kuseri kwa chikwangwani, ndipo tinamvana ngati anthu.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo ndikupempha kuti muchiwerenge mutakhala pansi. Titachoka apo ndinayendetsa mwamantha kotero kuti bambo wina wa panjinga, atanyamula chitseko kumbuyo, anatipitirira natifunsa ngati tikufuna kukankhidwa. Patatha makilomita makumi asanu tinapeza migolo iwiri ndi thabwa pakati pamsewu. Pamenepo panali mwana wanu wachiwiri, wamfupi, wa kandodo kukhwapa. Anayamba n'kunena kuti ndimayenda pang'onopang'ono mokayikitsa, ngati munthu wobisa kanthu. Kenako anafuna kuona zonse: chozimitsira moto, tayala lapadera, jeke, bokosi la mankhwala, zikwangwani ziwiri zoika pamsewu galimoto ikafa. Ine ndine mphunzitsi, Bwana, zonsezo ndinali nazo, zopukutidwa bwinobwino. Chilichonse chimene ndinkatulutsa, nkhope yake inkagwa, mpaka ndinayamba kumumvera chisoni munthu wa Mulungu.

Koma ana anu safooka msanga. Anazungulira mbali ya apongozi, nasuzumira pansi. Mwina simudziwa, Bwana, pakuti inu amakuyendetsani, koma galimoto yophunzitsira imakhala ndi buleki ndi kilachi zinanso kumpando wa pambali, kuti mphunzitsi apondepo wophunzira akasokonezeka. Nsapato ya apongozi inali pafupi ndi buleki imeneyo. Mwana wanu anawongoka, natukula chifuwa, nalengeza kuti galimoto iyi ikuyendetsedwa ndi anthu awiri, ndiye akufuna laisensi ya dalaivala wachiwiriyo. Ndinamufotokozera kuti bambowa saona. Anagwedeza dzanja patsogolo pa nkhope yawo, anatsimikiza kuti n'zoona, ndipo anati pamenepo ndiye mlandu wakulirakulira, chifukwa ndalola munthu wosaona kuyendetsa galimoto m'dziko la eni. Munthu ameneyu mumukweze udindo. M'zaka zanga zonse pamsewu sindinaonepo nzeru zofulumira chotero.

Chachinayi, ndithokoze chifukwa cha ofesi imene anatitengerako. Inali ndi tebulo la miyendo itatu ndi njerwa, wotchi ya pakhoma yoima, ndi mulu wa malaisensi a alendo omangidwa ndi mphira ngati makadi a juga. Apongozi atakhala pabenchi anaipapasa m'mbali, nandinong'oneza kuti amene anailumikiza sanaphunzire ntchito. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wamkulu wa malowo, ndipo pamwamba pa mutu wake panali chikalata chachikulu cha chithunzi chanu, Bwana, mukumwetulira, pansi pake atalemba kuti ziphuphu ndi mlandu, aliyense wopemphedwa aimbe nambala iyi. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinatulutsa foni, ndinaimba.

Foni inalira m'dirowa la tebulo lomwelo. Mayiyo anatsegula, anayang'ana foniyo, anandiyang'ana ine, naiyankha. Ananena mwaulemu kuti ino ndi ofesi yolimbana ndi ziphuphu, atithandize chiyani. Popeza ndinali nditayamba kale, ndinapereka dandaulo langa lonse pafoni, nditaima mapazi awiri kuchokera pamene iye anakhala. Anamvetsera mpaka kumapeto, anandiyamikira chifukwa cha kulimba mtima, analonjeza kuti nkhaniyi ifufuzidwa. Atatseka dirowa anandiuza kuti kuimba foni mkati mwa polisi n'koletsedwa, chindapusa chakwera. Kwathu dandaulo limatha miyezi lisanafike kwa mwini wake. Kwanu limafika nthawi yomweyo.

Apa ndiye nthabwala zinandithera, Bwana. Mayiyo anati mlandu wa dalaivala wachiwiri ndi waukulu, apongozi agone m'chitokosi mpaka tsiku la khoti, pokhapokha titamvana. Za m'thumba mwanga zinali zitathera kuseri kwa chikwangwani cha sopo. Zotsala zinali za chipatala zokha, zimene akazi anga anasokerera mkati mwa jekete la bambo awo. Ndalama zimenezo zinachokera pogulitsa zipangizo zawo zonse za ukalipentala, macheka, maranda, ndi benchi yogwirira ntchito imene anaipanga okha asanakwatire. Ine sindinazitchule, ndinali wokonzeka kugona m'chitokosimo m'malo mwawo. Koma apongozi anavula jekete, anafufuza msoko ndi zala, anadula ulusi ndi mano, natulutsa envulopu. Anati, "Perekani, a mkamwini, tizipita." Ndinaiika envulopuyo patebulo. Mayiyo, poti ndi kholo, sanatenge zonse. Anatibwezera zina, nati tikawagulire madalawa chakumwa, aoneka otopa.

Pachipatala tinafika nthawi itatsala pang'ono kukwana 5 koloko. Namwino anali akusanja mipando. Anati dzina la apongozi analiitana katatu, katswiri uja wanyamuka kale, adzabweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ataona mmene tinaimira anatenga katochi, nawalitsa m'diso lakumanja lija. Potilembera tsiku lina anati ulendo winawo tisadzachedwe, chifukwa diso limeneli silikudikira munthu. Apongozi anamuthokoza, anavala chipewa, nandipempha kuti ndiwafotokozere mmene chipatalacho chikuonekera, poti afika kale. Ndinawauza za makoma oyera ndi maluwa a pakhomo. Anafunsa za zitseko. Ndinati n'zachitsulo. Anagwedeza mutu.

M'mawa mwake tinabwerera. Ana anu onse anangotikwezera manja, wamtali uja mpaka anachita sawatcha. Amaidziwa nzimbe yotafunidwa kale. Kunyumba akazi anga anathamangira kugeti, maso ali pankhope ya bambo awo kufunafuna bandeji. Sanaipeze. Analandira jekete, naona msoko wong'ambika. Analisokanso tsiku lomwelo lili lopanda kanthu mkati, ndipo mpaka lero akandipatsa madzi osamba amayang'ana kumbali. Dzulo wophunzira wanga wina, mayi wogulitsa nsalu, anandifunsa zoyenera kuchita wapolisi akamuimitsa popanda chifukwa. Funso limeneli ndaliyankha kambirimbiri. Koma dzulolo ndinangomuuza kuti ayang'ane kutsogolo, akhotere kumanzere, tipitirize phunziro.

Musaganize kuti ndikufuna kubwezeredwa kanthu, Bwana. Ndikudziwa kuti zimene zalowa m'thumba la yunifolomu zili ngati zalowa m'manda. Tayamba kale kusonkhanitsa zina, alamu anga agulitsa njinga yamoto, ndipo ulendo uno tidzanyamuka kutatsala masiku atatu, apongozi atakhala kumpando wa kumbuyo, manja ali m'mwamba.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo likuchokera pa vuto limene ndili nalo m'nyumba. Apongozi ana anu sanawaone, anangowamva mawu. Ndipo aliyense wa iwo, polankhula nafe, ankadandaula kuti dzuwa lawapsereza, sanalawe kanthu chim'mawire, ana awo awathamangitsa kusukulu. Madalawa anakhulupirira zonse. M'maganizo mwawo apolisi anu ndi anthu owonda, a makosi ngati a nkhuku yodwala, a nsapato zong'ambika. Madzulo alionse tikamapemphera amawatchula mmodzimmodzi, wa pachitunda, wa pamigolo, ndi mayi wa muofesi, kuti Mulungu awapatse chakudya. Ine ndimangoti ameni. Ndalephera kuwauza kuti wamfupi uja lamba anachita kumuboola bowo lina, kuti mayi uja mphete zadzaza zala mpaka cholembera chimamuvuta kugwira, ndiponso kuti kuseri kwa ofesi ya tebulo la miyendo itatu kunaima magalimoto atatu onyezimira.

Tsono ngati Mulungu alola, ana anu nawonso n'kulola, diso lija likadzatseguka tidzabwerera pamsewu womwewo apongozi akuona. Ndikukupemphani modzichepetsa kuti tsiku limenelo mudzaike pamsewu apolisi anu owonda okhaokha. Ngati mwafufuza m'dziko lonse osawapeza, mudzabwereke anamwino kapena aphunzitsi a kupulayimale, muwaveke yunifolomu kwa tsiku limodzi, adzakwanira bwino pa chithunzi cha m'maganizo mwa apongozi. Munthu amene wakhala mumdima zaka zitatu, chinthu choyamba kuona chisadzakhale mimba imene inadya macheka ake.

Ndatha ine wanu wogwada mpaka mutandiuza kuti ndidzuke, mlendo wothamanga koposa onse amene analowapo m'dziko lanu,

Giya Wachiwiri,
Mphunzitsi wa galimoto, mkamwini wa dalaivala wachiwiri.